Nthambo ya dijito siikometsa nyimbo: sankhani mtundu, musathamangire mtengo

Pakati pa anthu okonda kumvera nyimbo pa zida za hi-fi, zoimbira nyimbo momveka bwino kwambiri, pali mkangano umene wakana kuzirala chitulukire CD mu 1982. Mbali ina imalumbira kuti nthambo ya coaxial (ya mkuwa) imatulutsa mawu onona kuposa ya optical (yodutsa kuwala), kuti ya USB yokwera mtengo imachititsa oimba kumveka ngati aima m'chipinda momwemo, ndiponso kuti amene sakumva kusiyanaku ndiye kuti makutu ake ndi ogontha kapena zida zake ndi zachabechabe. Mbali inayo imangoseka, n'kumati manambala ndi manambala basi, nthambo zonse n'chimodzimodzi. Ogulitsa nawo amakolezera mkanganowu, poti kasitomala amene wagula kale ampulifaya savuta kumuonjezera kanthambo ka mtengo wokwera. Ine maganizo anga ndi awa: nthambo ya dijito siikometsa nyimbo. Ntchito yake ndi kufikitsa manambala, ndipo imawafikitsa kapena kulephera kuwafikitsa. Chofunika kuchiganizira mofatsa ndi mtundu wa nthambo, osati mtengo wake, ndipo mtunduwo umasankhidwa poona mabowo amene ali kumbuyo kwa zida zanu, kutalika kwa mtunda, mawu amene mukufuna kutumiza, ndi mmene magetsi a m'nyumba mwanu alili. Ndionjezerenso kuti nthambo ya optical, imene okonda hi-fi ambiri amainyoza, ndi imene ine ndingaiike patsogolo m'nyumba zambiri za kwathu kuno.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi chimene chimayenda m'nthambomo. Waya wochoka ku ampulifaya kupita ku sipika amanyamula mawu enieniwo ali m'maonekedwe a magetsi. Magetsiwo akafooka panjira, mawu nawo amafooka, n'chifukwa chake waya woonda kwambiri pa mtunda wautali amatha kusintha kamvekedwe. Nthambo ya dijito ndi nkhani ina. CD imasunga nyimbo ngati manambala: pa sekondi iliyonse mawu amayezedwa ka 44,100 ku khutu lamanzere ndi ka 44,100 ku lamanja, ndipo muyezo uliwonse umalembedwa ndi timanambala 16 ta 0 kapena 1. Mukaonkhetsa, timanambala 1,411,200 timafunika kudutsa pa sekondi. Chipangizo cholandira sichifunsa kuti magetsi afika okongola bwanji. Chimangofunsa kuti apa pali 0 kapena 1, kenako kachipangizo kotchedwa DAC n'kumasandutsa manambalawo kukhala mawu. Zili ngati kutumiza ndalama pa foni: K20,000 yotumizidwa ndi kafoni ka mabatani ndi K20,000 yotumizidwa ndi foni ya mamiliyoni zimafika zofanana, ndipo ejenti sakuonjezerani kanthu chifukwa wotumizayo ali ndi foni yonyezimira. Nthambo ya dijito ikalephera, imalephera moonekera: nyimbo imathetheka, imadukaduka, kapena kungoti zii. Siichepetsa besi, siitsekemeretsa mawu a woimba. Kuti besi ichepe pafunika kuti manambala zikwizikwi asinthidwe mwa masamu, motsatana bwino, ndipo waya wa mkuwa sadziwa masamu.

Pali chinanso chimene ambiri okangana za coaxial ndi optical sachiganizira: nthambo ziwirizi zimanyamula uthenga umodzi womwewo. Zonse zimatsata dongosolo la S/PDIF limene makampani a Sony ndi Philips anakonza. Ya coaxial imatumiza uthengawo ndi magetsi ochepa, pafupifupi theka la volt, kudzera mu waya wa 75 ohm wokhala ndi pulagi yozungulira ya RCA, ndipo bowo lake nthawi zambiri limakhala la mtundu wa olenji. Ya optical, imene kampani ya Toshiba inatulutsa mu 1983 pansi pa dzina la TOSLINK, imatumiza uthenga womwewo ndi kuwala kofiira kodutsa mu kaulusi ka pulasitiki konenepa pafupifupi milimita imodzi. Mukailowetsa mbali imodzi chida chili choyaka, kumapeto kwinako mumaona kadontho kofiira kakuwala. Kadonthoko kakuphethira kokwana mamiliyoni pa sekondi, diso silingaone. Choncho amene akuti wamva nyimbo ina pa coaxial ndi ina pa optical ayenera kutiuza pamene kusiyanako kwalowera, poti manambala otumizidwawo ndi amodzi.

Yankho lawo alinalo, ndipo si lopusa ayi. Iwo amati manambala akhoza kufika onse, koma nthawi yofikira ndi imene imasokonekera. Mu S/PDIF mulibe waya wapadera wa wotchi youza DAC nthawi yotulutsira muyezo uliwonse. Kugunda kwa wotchi kumabisidwa mu uthenga momwemo, ndipo chipangizo cholandira chimayenera kukutolera kuchokera pa kusinthasintha kwa magetsi kapena kuwala. Ngati kusinthako kukufika mochedwa pang'ono apa, mofulumira pang'ono apo, DAC imatulutsa muyezo woyenera pa nthawi yolakwika, ndipo mawu amapotoka. Vutoli amalitcha jitter. Amaonjezera kuti optical ndiyo imavutika kwambiri, chifukwa uthenga umasandutsidwa kawiri, kuchoka ku magetsi kupita ku kuwala n'kubwereranso ku magetsi, ndipo timababu take sitiyaka ndi kuzima mwachangu ngati mmene magetsi amasinthira mu coaxial. Zonsezi ndi zoona, ndipo makina oyezera amazionetsa. Ndi zoonanso kuti ma DAC ena akale, a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, ankangotsatira wotchi yobwera ndi nthambo mopanda kuisefa mokwanira. Mbiri yoipa ya optical inabadwira nthawi imeneyo, ndipo yakhala ikupatsiranapatsirana mpaka lero ngati kuti zida sizinasinthe.

Koma funso loyenera kufunsa si lakuti jitter iliko kapena kulibe. Funso ndi lakuti ndi yochuluka bwanji, ndipo khutu la munthu limayamba kuimva ikafika pati. Kafukufuku amene Kaoru Ashihara ndi anzake anafalitsa ku Japan mu 2005 anaika jitter mwadala mu nyimbo n'kumvetsera anthu ozolowera ntchito ya mawu, aliyense pa zida zake zomwe. Anapeza kuti jitter yosatsata dongosolo imayamba kuzindikirika ikafika mananosekondi mazana angapo. Nanosekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi. Jitter yobwera ndi nthambo yabwinobwino ya mita imodzi kapena awiri imachepa kutali ndi pamenepo. Kuphatikiza apo, ma DAC a masiku ano saimwa yonse: amasefa wotchi yobwerayo, ena amasunga kaye manambala pang'ono n'kumawatulutsa ndi wotchi yawoyawo. Pa USB ndiye nkhaniyi inatha kale m'zida zambiri, chifukwa pa njira yotchedwa asynchronous DAC ndi imene imalamula kompyuta kuti itumize manambala mofulumira bwanji, ndipo wotchi ya kompyuta siilowererapo. Ngati DAC yanu ikusinthadi kamvekedwe mukasintha nthambo ziwiri zabwinobwino, wolakwa ndi DAC yo, ndipo nthambo ya mtengo wa njinga siichiza.

Mfundo ina imene okonda coaxial amabwera nayo ndi ya kuchuluka kwa zimene nthambo inganyamule. Amati coaxial imafika 24-bit/192 kHz (timanambala 24 pa muyezo uliwonse, miyezo 192,000 pa sekondi) mosavuta pomwe mabowo ambiri a optical amalekezera pa 96 kHz. Apanso sakunama. Komabe tadzifunsani kuti m'nyumba mwanu mumamvera chiyani. CD ndi 44.1 kHz. Mawu a pa TV, a m'mafilimu ndi a pa dikoda amakhala pa 48 kHz. Nyimbo zambiri za pa intaneti zili pa miyezo iwiri yomweyi. Onsewa optical imawanyamula osatuluka thukuta. Amene ali ndi mafayilo a 192 kHz ndipo akufuna afike momwe alili, ameneyo atengedi coaxial kapena USB, palibe chomuletsa. Koma ndi anthu angati? Ndipo ngakhale iwowo, chimene asankha ndi mtundu wa nthambo, osati mtengo, yomwe ndi mfundo yanga yomwe ija.

Tsopano ndifotokoze chifukwa chimene ndaikira optical patsogolo, poti apa ndi pamene nkhani ya m'magazini a ku Ulaya imakumana ndi nyumba zathu. Nthambo ya coaxial, ya USB ndi ya HDMI zonse zili ndi mkuwa, ndiye kuti zimalumikiza earth ya chida china ku earth ya chinzake. Zida ziwirizo zikakhala kuti zafika pansi kudzera m'njira zosiyana, timagetsi tosochera timayamba kuyenda m'nthambo yolumikizayo. Taganizirani pabalaza wamba: dikoda ili ndi waya wochokera ku dishi ili padenga, TV yalumikizidwa pa soketi ya kukhoma, ampulifaya ili pa ekisitenshoni yogula pamsika imene mkati mwake waya wa earth mulibe n'komwe, ndipo pulagi ya mano awiri yalowetsedwa mu soketi ya mabowo atatu mothandizidwa ndi chivundikiro cha bolopeni. Mukayatsa zonse n'kukweza voliyumu nyimbo isanayambe, mumamva kung'ung'uza kosalekeza m'masipika. Kumeneko ndi kulira kwa magetsi athu a 50 Hz. Ena amakuzolowera mpaka kuiwala kuti sikuyenera kukhalapo. Phokosoli silisintha manambala, koma limatha kuwoloka pa chikuto cha nthambo n'kulowa mbali ya analogi ya ampulifaya kapena DAC, yonyamula mawu enieniwo osati manambala, kumene kulibe chotetezera. Optical ilibe mkuwa ngakhale pang'ono. Pakati pa TV ndi ampulifaya pamangodutsa kuwala, ndipo timagetsi tosochera tija tilibe mlatho. Zida zina zabwino zili ndi kathiransifoma pa bowo la coaxial kochita ntchito yomweyi, koma si zonse, ndipo wogula wamba sangadziwe poyang'ana kunja. Kusiyana kumeneku n'komveka ndi khutu lililonse, la mwana ndi la agogo lomwe, mosiyana ndi jitter imene imafuna makina kuti ioneke.

Pali nkhaninso ya mphenzi. Nyengo ya mvula ikafika, amisiri okonza ma TV amadziwa zimene zikubwera: zida zopsa mabowo a HDMI, dikoda yapsa n'kupsereza TV, TV n'kupsereza china chilichonse cholumikizidwa nayo ndi mkuwa. Sindikunena kuti optical ndi chishango cha mphenzi, chifukwa magetsi ochuluka akhoza kulowabe kudzera pa soketi. Ndikungonena kuti njira imodzi, yochokera ku dishi kudutsa pa dikoda ndi TV kukafika ku ampulifaya yanu yokwera mtengo, imakhala yadulidwa. Kwa munthu amene anasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule ampulifaya, phindu limeneli si laling'ono.

Optical nayo ili ndi zofooka zake, ndipo sindizibisa. Kaulusi kake sikafuna kupindidwa mwamphamvu. Mukakapanikiza ndi mwendo wa kabati kapena kukakhotetsa pakona ngati waya wamba, kamathyoka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Pulagi yake siigwira molimba ngati ya RCA, imafuna kukankhidwa mpaka imveke kuti khethe, ndipo imalowa mbali imodzi yokha. Ikapitirira mamita asanu kufika khumi kuwala kumayamba kufooka ndipo nyimbo imadukaduka. Yatsopano imabwera ndi tizipewa ta pulasitiki kumapeto konse, ndipo si ochepa amene amalimbana nayo ola lathunthu, kuikankha, kuitembenuza, asanazindikire kuti kachipewa sikanachotsedwe. Koma taonani chimene amalonda achita ndi nthambo yomweyi: mumapeza ya optical yokutidwa golide pa pulagi, mtengo wake wowirikiza kangapo. Golide amathandiza pamene magetsi akudutsa pa chitsulo, kuti pasachite dzimbiri. M'nthambo imeneyi mulibe magetsi. Golideyo akukometsa maso a wogula basi.

Mtsutso wovuta kwambiri kuuyankha ndi wa munthu amene amati, "Inu nenani zanuzo, koma ine ndinamva ndi makutu angawa." Munthu wotere nthawi zambiri sakunama, ndipo si bwino kumunyoza. Anamvadi kanthu. Vuto ndi lakuti kumva sikuchitikira m'khutu mokha. Ubongo umasakaniza zimene khutu latola ndi zimene munthu akuyembekezera. Mukauzidwa kuti tsopano tamverani mmene ng'oma ikumvekera, mumatchera khutu ku ng'oma, ndipo mumamvadi zimene simunazimve poyamba, ngakhale palibe chasintha. Imbani nyimbo imodzi kawiri osakhudza kalikonse: ulendo wachiwiri mumva zatsopano. Komanso kukumbukira kamvekedwe mwatsatanetsatane kumatha m'masekondi ochepa, pomwe kusintha nthambo kumbuyo kwa kabati kumatenga mphindi. Ndipo mu shopu, ngati wogulitsa wakweza voliyumu pang'ono pokha poonetsa nthambo yodula, mawu okwera amamveka okoma kwa pafupifupi aliyense. N'chifukwa chake akatswiri akamayesa zida amafananitsa voliyumu mosamala kwambiri ndiponso amabisa chimene chikuimba.

Njira yothetsera mkangano umenewu ndi yaulere, ndipo aliyense akhoza kuichita Loweruka masana. Phimbani kumbuyo kwa zida ndi chitenje. Mnzanu aponye kobiri m'mwamba, mutu ukhale nthambo yodula, mchira yotchipa, alumikize inu muli panja, alembe papepala, ndipo asakhale pamene mukumuona nkhope. Inu lowani, mverani nyimbo imene mumaidziwa bwino kwa nthawi imene mukufuna, lembani yankho lanu. Chitani zimenezi kakhumi. Munthu wongolota amalondola pafupifupi kasanu. Kulondola ka 9 kapena ka 10 mwa mwayi chabe kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 100. Ngati kusiyana kuli ngati usiku ndi usana, monga mmene otsatsa amanenera, mayeso amenewa ndi masewera. Mukapambana, gulani nthamboyo ndi mtima wonse, ndipo ine ndidzafuna kudziwa DAC imene mukugwiritsa ntchito. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti anthu okonzeka kulipira ndalama zambiri safuna kutaya ola limodzi pa mayeso amenewa, ena mpaka kunena kuti kubisa dzina la nthambo kumasokoneza khutu. Ngati ubwino wa chinthu umathawa mukangobisa chikwangwani chake, ndiye kuti ubwinowo unali pa chikwangwanipo.

Ena amabwera ndi mtsutso wofatsa: chotchipa chimadula, ndipo nthambo za m'misika yathu zambiri ndi zachinyengo. Apa ndikugwirizana nawo theka. Ilipodi nthambo yoipa. Ilipo ya USB imene inapangidwira kutchaja kokha, mkati mulibe mawaya a uthenga, ndipo DAC siioneka n'komwe pa kompyuta. Ilipo ya HDMI yoonda ngati ulusi imene chithunzi chimathwanima n'kuzima. Ilipo ya RCA imene pulagi yake imakhwepa pakatha mwezi. Koma mankhwala a nthambo yoipa ndi nthambo yopangidwa motsata muyezo, ndipo miyezoyo ndi yodziwika: 75 ohm pa coaxial, USB 2.0 yosapitirira mamita asanu, HDMI yolembedwa High Speed kapena Ultra High Speed. Kuchoka pa yoipa kufika pa yoyenera mumapindula zonse. Kuchoka pa yoyenera kufika pa ya mtengo wowirikiza makumi awiri simupindula kalikonse m'khutu. Kodi mukudziwa kuti waya wachikasu uja wa vidiyo, amene ankabwera ndi ma DVD player pamodzi ndi wofiira ndi woyera, anapangidwira 75 ohm? Wabwino mwa amenewo amagwira ntchito ya coaxial ya dijito popanda vuto pa mtunda waufupi, ndipo mwina ali m'dirowa mwanu panopa. Komanso pulagi ya RCA payokha siikwanitsa 75 ohm bwinobwino chifukwa cha kapangidwe kake, n'chifukwa chake zida zina za m'masitudiyo zimagwiritsa ntchito pulagi ina yotchedwa BNC. Ndiye kuti nthambo ya coaxial yodula kwambiri padziko, ikathera pa RCA, ili ndi chilema chomwecho chimene yotchipa ili nacho, ndipo pa mita imodzi kapena awiri chilemacho sichivuta pa nthambo zonse ziwiri.

Tsopano nditembenukire kwa anzanga amene amati nthambo zonse n'chimodzimodzi, chifukwa nawonso amasocheretsa anthu. Mtengo ulibe ntchito, inde, koma mtundu uli nayo. Optical ndi coaxial zimanyamula mawu a sitiriyo osafinyidwa, kapena Dolby Digital ndi DTS ya masipika 5.1 (asanu ndi imodzi ya besi) yofinyidwa. Sizinyamula Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio za pa Blu-ray. Amene wamanga sinema ya m'nyumba ndipo akufuna zimenezo alibe kuchitira mwina koma HDMI. Njira ya ARC, yobweza mawu kuchoka pa TV kupita ku ampulifaya kapena soundbar, inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009, ndipo eARC, imene imanyamula mawu a masipika ambiri osafinyidwa, inabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017. HDMI ilinso ndi kaubwino kamene banja lonse limakaona: limoti ya TV imakweza ndi kutsitsa voliyumu ya ampulifaya, osasakasaka malimoti awiri m'mipando. Pa nyumba ya mawaya abwino, ubwino umenewu ukhoza kuposa zonse ndanena za optical, ndipo sindingamutsutse wosankha choncho. Wa kompyuta kapena laputopu njira yake yachidule ndi USB, koma adziwe kuti USB imanyamulanso magetsi a 5 volt ndi earth ya kompyuta. Pa ma DAC ena otchipa mumamva kulira kwa tswii mukasuntha mausi kapena mukalowetsa tchaja. Nthambo yodula ya USB siithetsa zimenezo, poti nayo ndi mkuwa. Chothetsa ndi kachipangizo kolekanitsa magetsi kotchedwa USB isolator, kapena kudutsira pa optical. Ndipo kwa amene akuyala mawaya m'tchalitchi, m'holo kapena m'situdiyo ya wailesi, kumene mikisa ili kumbuyo ndipo zida zina zili kutsogolo, nthambo yoyenera ndi AES/EBU, dongosolo la mu 1985 la mabungwe a Audio Engineering Society ndi European Broadcasting Union. Imayenda pa waya wa 110 ohm ndi pulagi ya XLR ya mano atatu imene imadzikhoma, ndipo imafika mamita 100. Pabalaza ya mamita anayi, ubwino wakewo ulibe pogwira.

Pali kavuto kena kamene kamachititsa anthu kubweza nthambo zabwinobwino ku shopu. Munthu walumikiza optical kuchoka pa TV kupita ku DAC kapena ampulifaya ya sitiriyo, kadontho kofiira kakuwala, koma m'masipika muli zii kapena mukutuluka mkokomo woopsa wa shii. Nthambo ilibe mlandu. TV ikutumiza Dolby Digital ku chida chimene chimangomva mawu a sitiriyo. Lowani mu menyu ya mawu pa TV, pezani pamene palembedwa Digital Audio Output, musinthe kuchoka pa Auto kapena Bitstream kupita pa PCM, kuti TV izitumiza mawu a sitiriyo osafinyidwa. Wogulitsa wosaona mtima akanakuuzani kuti vuto ndi nthambo yotchipa.

Watsala mtsutso wa ufulu. Wina adzati ndalama ndi zanga, nthambo yokongola imandisangalatsa, inu zikukukhudzani bwanji? Sizikundikhudza. Munthu amagula wotchi ya pamkono yodula ngakhale foni ikumuuza nthawi, ndipo palibe mlandu. Nthambo yolukidwa bwino, ya mapulagi olimba, imakhalitsa ndipo imaoneka bwino, ndipo wolipira zimenezo akudziwa chimene akugula. Dandaulo langa lili pa wogulitsa amene amauza mnyamata wongoyamba kumene kuti zida zake sizidzamveka bwino mpaka ataika gawo lalikulu la ndalama zake pa nthambo, kapena amene amajambula kamuvi pa nthambo ya Ethernet, yolumikizira zida pa netiweki, kuti uthenga uziyenda mbali imodzi, pomwe pa nthambo yotere uthenga umayenda mbali zonse ziwiri. Ku Britain bungwe loyang'anira zotsatsa malonda la Advertising Standards Authority laletsapo zotsatsa za makampani ena a nthambo za hi-fi chifukwa cholephera kupereka umboni wa zimene ankalonjeza. Kwathu kuno wogula amadziteteza yekha.

Ndipo ndalama zopulumutsidwazo zili ndi kopita kumene khutu lingazimve. Ambiri amene akukangana za coaxial ndi optical, madzulo amaimba nyimbo kuchokera pa foni kudzera pa Bluetooth, imene pa njira yake yodziwika ya SBC imafika pafupifupi 328 kbps (timanambala 328,000 pa sekondi) pomwe CD ndi 1,411 kbps. Nyimboyo mwina ndi MP3 ya 128 kbps imene yadutsa m'mafoni asanu isanawafike. Zimene zatayika pamenepo palibe nthambo ingazibweze. Masipika nawo mumawapeza wina ali pansi pakona, wina pamwamba pa kabati atayang'ana kukhomo, m'chipinda cha simenti kapena matailosi chopanda kapeti, chimene mukaomba m'manja chimayankha. Kuwatulutsa pang'ono pakhoma, kuwaika pa msinkhu wa makutu mutakhala pansi, kuwatalikitsa mofanana ndi pamene mumakhala, kuyala kapeti ndi kupachika makatani ochindikala, zonsezi zimasintha besi ndi mawu a woimba moti ngakhale mlendo amafunsa ngati mwagula zatsopano. Zotsalazo muitanire mmisiri wa magetsi adzaone ngati soketi ya pabalaza ili ndi earth yeniyeni, ndipo mugule chotetezera zida magetsi akabwera mwamphamvu atathima, mvula isanayambe.